Neki saizi kapena fulu saizi pa .303 ya Lee-Enfield, nanga mitu yake iti?

Anzanga amene muli ndi .303 ya Lee-Enfield, kaya ndi No.1 Mk III kaya No.4, mfuti ija agogo athu a KAR (asilikali a King's African Rifles) anali nayo ku Burma, funso lomwe limabwerabwera mukayamba kupakira nokha zipolopolo ndi loti makesi (zigoba za zipolopolo zomwe taomba kale) tizipanga fulu saizi, kufinya kesi yonse kuti ibwerere mu saizi yake, kapena neki saizi, kufinya khosi lokha. Ine ndili ku neki, koma timvetsetsane kaye.

Mfutizi anazipangira nkhondo, nde chemba yake, malo omwe chipolopolo chimakhala, anaisiya yotakasuka dala kuti chipolopolo chizilowa olo chili ndi matope. Komanso .303 imagwira pa limu, kamkombero ka kumbuyo kwa kesi kaja, osati pa phewa, ndipo bolt yake, chitsulo chotsekera chipolopolo mu chemba, imakhoma chakumbuyo, nde mukaomba kesi ija imafufuma nkudzaza chemba yonse, phewa limasunthira kutsogolo moti mukaiimika pafupi ndi yatsopano mumachita kuona ndi maso kuti zasiyana. Tsono mukailowetsa mu dayi (chipangizo chofinyira makesi) ya fulu saizi mukuibwezanso mmbuyo, mukaombanso ikutamukanso, ndipo pomwe imatamuka ndi pamodzimodzi, pamwamba pang'ono pa thako la kesi. Pakapita nthawi pamaoneka kamzere kowala kozungulira. Tengani kawaya mupinde kunsonga mukande mkatimo, mukamva kakukodwa pa kamseleka kesi imeneyo yatha tayani basi, chifukwa ulendo wina idzaduka pakati thako nkutuluka lokha chigoba nkutsalira mu chemba, mpweya wamoto nkumabwerera kunkhope kwanu. Si zocheza izi.

Neki saizi imafinya khosi lokha kuti ligwire mutu, thupi la kesi limakhala momwe chemba yanu inaliumbira. Dayi ya Lee Collet ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito, siifuna mafuta, ndipo makesi amakhalitsa kwambiri kuyerekeza ndi a fulu. Pa kulasa chandamale ine ndimaona kuti imathandizanso poti chipolopolo chimakhala chowongoka bwino mu chemba, sichigona pansi. Vuto lake ndi loti makesi amenewo asanduka a mfuti imodzi yomweyo, ngati muli ndi ziwiri muzisunga padera mulembe pa bokosi. Ndipo mukaombera kangapo bolt imayamba kulimba potseka, apo nde mumatenga dayi ya fulu nkukankha phewa pang'onong'ono chabe mpaka itseke bwino, osafika nayo pansi penipeni.

Fulu saizi ili ndi malo ake, makesi opatsidwa ndi mnzanu kapena otola ku malo oombera, komanso mpikisano woomba mothamanga pomwe simufuna bolt ikanirire. Nde madayi onse awiri mugule ndithu, kungoti ya fulu izigwira ntchito mwa apo ndi apo.

Makesi eni ake, a Prvi Partizan aku Serbia ndi okhuthala amapirira, muli ku Joni a PMP aku Pretoria aliponso. Akale a asilikali okhala ndi timabowo tiwiri pansi, a Berdan, musavutike nawo. Ndipo musanayambe zonsezi mfuti ikaonedwe hedisipesi (mpata wa pakati pa bolt ndi pokhala limu) kwa katswiri, pa No.4 mutu wa bolt umasinthika, ulipo wa nambala 0 mpaka 3.

Tsopano mitu, kansonga ka chipolopolo komwe kamauluka mukaomba kaja, apa nde pamene anthu ambiri amataya ndalama. Dzina ndi .303 koma mutu wake ndi wa mainchesi .311 kapena .312 m'mimba mwake, ndipo mipope ina makamaka yopangidwa mothamanga nthawi ya nkhondo imafika .314, nde yambani mwadutsitsa kamtovu kofewa mu mpopemo muyeze ndi maikiromita. Chipolopolo cha Mk VII cha mu 1910 chinali cholemera magileni 174, thako lafulati, chothamanga mafiti 2440 pa sekondi, ndipo manambala a pa saiti (cholozera) ya mfuti yanu anawerengera chimenecho. Cha thako losongoka, boat tail, chinabwera ndi Mk VIII mu 1938 ndipo chinali cha mfuti ya chiwaya ya Vickers.

Sierra MatchKing ya magileni 174 ndi .311 ya boat tail, mu mpope wabwino wosadyeka imachita zoopsa makamaka patali. Koma mipope yambiri inadyedwa kukhosi ndi onga wa cordite womwe umatentha kwambiri, ndipo boat tail ikalowa mmenemo mpweya umadutsa m'mbali, mutu sugwira mizere bwino, mumapeza pa pepala bowo lalitali losonyeza kuti wafika chopingasa. Mfuti yomweyo muipatse wafulati ngati Hornady .312 ya magileni 174 yamphuno yobulungira kapena Sierra Pro-Hunter 180, mabowo amayamba kusonkhana, chifukwa thako lafulati limatseka mpweya ndipo mbali yokhudza mpope ndi yaitali. Nde ngati mpope wanu ndi wakale wotopa yambirani pa wafulati, MatchKing mudzayese pambuyo pake bokosi limodzi lokha.

Za onga sindilemba muyezo pano. Kaya ndi Somchem S335 ku South Africa kaya Vihtavuori N140 ku Britain, tsatirani buku la kampani yomwe inapanga ongawo, muyambire pa muyezo wotsika nkumakwera pang'onopang'ono, mfutizi zina zadutsa zaka 100. Ndipo zonsezi ndi za amene muli ndi laisensi m'dziko lomwe lamulo limalola kupakira nokha.