Ndemanga: buku la 1984 la George Orwell, logula lakale ku Kapata

Ndalipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinaligula pa K70 kwa bambo wina woyala mabuku pansi pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Chikuto n'chopindika m'makona, mapepala achita chikasu, koma masamba onse alipo. Zilembo zake n'zazing'ono kwambiri, moti masiku omwe malaiti anapita ndinkawerengera tochi ya foni mpaka maso kuwawa. Lili m'Chingerezi, koma chosazunguza mutu.

Linatuluka mu 1949, ndipo mlembi wake anamwalira mu Januwale 1950. Likukamba za Winston Smith wa ku London, amene ntchito yake ndi kukonzanso nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zimene chipani chikunena lero. Munthu akachotsedwa, dzina lake limafufutidwa paliponse, ngati sanabadwe n'komwe. M'nyumba za mamembala a chipani muli chipangizo chonga TV chimene chimakuona ndi kukumva usana ndi usiku.

Chimene chinandigwira mtima si chipangizocho ayi, koma chikondi cha Winston ndi Julia. Mtsikanayo anamuponyera kapepala m'dzanja mwakabisira, ndipo kenaka anapeza kachipinda ka lendi pamwamba pa sitolo ya katundu wakale. Mmenemo ankamwa khofi weniweni ndi shuga, n'kumacheza ngati banja. Onse awiri ankadziwa kuti adzagwidwa, koma analimbitsana mtima kuti ngakhale awamenye bwanji, za mumtima palibe angazilande.

Amene simunawerenge, dumphani ndime ino. Anazilanda ndithu. M'chipinda cha nambala 101 anamubweretsera Winston makoswe pankhope, chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa, ndipo Winston anakuwa kuti zimenezo akamuchite Julia. Atakumananso panja kukuzizira, aliyense anavomera kuti anapereka mnzake, n'kusiyana ngati anthu osadziwana. Ndinatseka bukulo n'kukhala duu pabedi kwa nthawi yaitali.

Palinso Parsons, bambo wokhulupirika ku chipani, amene ananenezedwa ndi mwana wake wamkazi wa zaka 7 chifukwa cha zimene bamboyo anabwebweta kutulo. Apa ndinakumbuka agogo anga. Iwo ankakhala chakufupi ndi Sinda Misale mu 1972, pamene a Mboni za Yehova ambirimbiri anathawa ku Malawi atakana kugula khadi la chipani, n'kukaikidwa ku msasa wa Sinda Misale. Ankatiuza kuti amayi ena ankabwera kudzapempha ufa, koma ukawafunsa za kwawo ankayamba ayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kuyankha monong'ona, chikhalirecho ali kale kuno ku Zambia. Tili ana tinkangomva ngati nthano. Bukuli ndi limene landimvetsa tanthauzo la kunong'ona kuja. Ifenso kuno tinakhala pansi pa chipani chimodzi mpaka 1991, ndipo akuluakulu amakumbukirabe za kufunsidwa khadi polowa mumsika, ngakhale sizinafike pa zimene zili m'bukumu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Chapakati pali masamba ambiri pomwe Winston akuwerenga buku loletsedwa la Goldstein, mdani wamkulu wa chipani; nkhani imaima, ndipo ndinatha masiku atatu ndisanawolokepo. Chachiwiri chikundiwawabe: Julia timangomuona ndi maso a Winston. Ndinkafuna kudziwa zimene iye anakumana nazo atagwidwa, zimene ankaopa, ndi mmene anagonera usiku umene anapereka Winston, koma mlembi sanatilowetseko.

Kwa ana a ku pulayimale n'lolemera, chifukwa muli kuzunza koopsa. A Giredi 12 kupita m'tsogolo angalithe. Langa ndabwereketsa mlongo wanga wophunzitsa ku Katete, ndipo ndamuuza kuti akamaliza tidzapite limodzi kwa amalume, chifukwa pa amene anaona za Sinda Misale ndi maso, kwathu atsala ndi iwo okha.