Nyenyezi zothothoka: Disembala kapena Meyi?

Abale a kuno ku Joni, nyenyezi zothothoka zili ndi nyengo zake. Za Geminids zimachuluka usiku wa pa 13 ndi 14 Disembala. Zimawala kwambiri, koma imeneyo ndi nthawi ya mvula, mabingu a madzulo amasiya mitambo, munthu n'kungochezera pachabe.

Ine mtima wanga uli pa Eta Aquariids, cha pa 6 Meyi. Ndi fumbi lotsalira m'njira ya nyenyezi ya mchira (comet) yotchedwa Halley, ndipo kum'mwera kuno zimaoneka bwino kuposa ku Ulaya. Kumwamba kumakhala kuli mbee, kungoti chisanu chimaluma, musaiwale bulangete ndi tiyi wa m'fulasiki. Magetsi a m'tauni amaphimba zonse, choncho pitani cha ku mapiri a Magaliesberg, mugone chagada, maso kum'mawa, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha.