Ndemanga: kabuku ka magawo a Supernatural kogulitsidwa pa boma la Kasungu

Ndiyambe ndi kuchenjeza. Ngati Supernatural, filimu ya magawo ya ku America yokamba za alenje a mizukwa, simunafike nayo sizoni 7, lekerani pomwepa, chifukwa dandaulo langa silingamveke popanda kutchula chimene chinachitika, ndipo sindikufuna kukuchitani zimene anandichita ine.

Kabuku kake mukukadziwa, kachikuto chobiriwira kaja kamene akugulitsa pa burning centre ina chakudepoti, K7,000 kupatula mtengo wa flash. Mnyamata wa pamenepo amakatchula kuti gayidi. Gawo lililonse analifotokoza m'Chichewa, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, kuyambira sizoni 1 ya 2005 mpaka sizoni 15 ya 2020, magawo onse 327. Si ka eni filimu ayi. Ndi zimene anthu okonda filimuyi analemba pa intaneti, iye n'kumasulira, n'kupulinta, n'kubayinda.

Ine ndinagulira bambo anga. Chingerezi cha ku America chimawathamangira, ndiye madzulo tikadya nsima ndimayamba ndawawerengera za gawolo mokweza, kenako n'kuyatsa TV. Pogula ndinamufunsa mnyamatayo kawiri konse kuti, "Achimwene, kabukuka sikaulula zakutsogolo?" Anandilumbirira kuti ayi, kamangotsegula njira, mapeto mumakadzionera nokha. Ndipo sizoni 1 ndi 2 yonse zinalidi choncho.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, mudziwe kuti bambo sakonda kwenikweni Sam kapena Dean, anyamata awiri apachibale amene ndi eni nkhani m'filimuyi. Munthu wawo ndi Bobby Singer, mdala wachipewa uja wokhala pakati pa magalimoto akufa. Azakhali anga atamwalira, bambo ndi amene analera ana awo atatu, kuwalipirira sukulu ndi ndalama za fodya mpaka onse anaima paokha. Ndiye Bobby atatulukira kumapeto kwa sizoni 1, kenako John Winchester, bambo wa Sam ndi Dean, atamwalira koyambirira kwa sizoni 2, anyamata aja n'kumathamangira kwa mdalayu pa vuto lililonse, bambo anangoti, "Uyu ndiye malume." Dzina la Bobby pakhomo pathu linathera pomwepo. Akamawakalipira anyamatawo, bambo amagwedeza mutu n'kumati, "Auzeni, malume, ana osamva."

Tsiku lake linali Lachisanu, nyengo yosankha fodya. Bambo anali atakhala m'chigafa tsiku lonse, msana ukuwawa, koma anati gawo limodzi lokha tionere. Linali gawo 10 la sizoni 3, lija Bobby amagona osadzuka, atatsekeredwa m'maloto ake omwe. Ndinatsegula kabuku n'kuyamba kuwerenga monga mwa masiku onse, maso pa mzere, pakamwa pakutsatira. Mizere inayi yoyamba inali bwinobwino. Wachisanu unati: "Musadandaule, Bobby safa pano, adzafa mu sizoni 7 gawo 10 atawomberedwa m'mutu."

Ndinazindikira mawu atatuluka kale. M'nyumba munangoti zii. Mwana wanga wamkulu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana bambo. Iwo anafunsa motsitsa mawu, "Wati chiyani, mwanawe?" Ndinayesa kunena kuti mwina wolembayo analakwitsa, koma bambo si munthu womunamiza. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa kabuku, anavala magalasi n'kuwerenga okha chala chili pa mzere. Atatha anakatseka bwinobwino, kukaika pa tebulo, kutenga chipewa chawo n'kukakhala pakhonde mumdima. Sanakalipe, sananene kanthu. TV tinazimitsa gawolo lisanayambe n'komwe.

Milungu iwiri yathunthu bambo sanafune kuonera. Ndikawaitana amangoti, "Onerani inu, ine ndatopa." Wina anganene kuti ndi filimu chabe, inde ndi filimu, koma chiyambire pamene mayi anatisiya, ola limodzi la madzulo limenelo ndi lokhalo limene bambo amaseka mokweza. Mzere umodzi wosasamala unawalanda zimenezo. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi mawu akuti "musadandaule". Munthu akukuuza kuti usadandaule uku akukuuza za maliro.

Lolemba lake ndinakwera minibasi pa Chinkhoma mpaka pa boma, kabuku kali m'chikwama. Ndinamupeza mnyamatayo mahedifoni ali m'khutu, akukopera wina nyimbo. Ndinadikira mpaka amalize, sindinafune kumuchititsa manyazi pamaso pa kasitomala. Kenako ndinamuonetsa mzerewo. Anachotsa hedifoni imodzi yokha, kuyang'ana, n'kuseka. Akuti, "Aaa asisi, filimuyi inatha 2020, dziko lonse likudziwa kuti Bobby anafa." Ndinamuuza kuti bambo anga sali m'gulu la dziko lonselo, ndipo ndi chifukwa chake ndinafunsa kawiri ndisanatulutse ndalama. Anandilozera kapepala ka pakhoma kakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kubwezera hedifoni m'khutu. Ndalama sindinkazifuna kwenikweni. Akanangoti pepani, kapena kuti ndichotsa mzerewo pa timabuku totsala, ndikanabwerera kwathu mtima uli m'malo. Timabuku tina tinali mulu pa shelefu, tikudikira kukapweteka anthu ena.

Kumbali ya kapangidwe ka kabukuka, mapepala ndi opyapyala, inki ya chakumapeto ndi yofooka, ndipo masamba awiri a sizoni 9 anabwerezedwa.

Komabe ndisaname, kabukuka kandithandiza, ndipo ndi chifukwa chake sindinakaponye pamoto usiku uja. Pa flash magawo anasakanikirana, ena alibe manambala, ndipo popanda mitu ya m'kabuku sindikanadziwa loyamba ndi liti. Sizoni 3 ndinapezamo magawo 16 okha pamene ziwiri zoyamba zinali ndi 22 iliyonse, moti ndinayesa kuti wandibera. Kabuku ndi kamene kanandiuza kuti olemba mafilimu ku America ananyanyala ntchito kumapeto kwa 2007 mpaka kumayambiriro kwa 2008, ndiye sizoniyo inafupikitsidwa. Pamenepo ndiye sanalakwe.

Chinanso chabwino ndi tsamba lija lofotokoza zida za alenje a mizukwa: chifukwa chake amathira mchere pakhomo ndi m'mawindo, chifukwa chake chitsulo chimabalalitsa mzukwa, madzi odalitsa a ziwanda, ndi zoti mzimu wovutitsa umatha akafukula mafupa a mwini wake, kuwathira mchere n'kuwatentha. Nditawerenga zimenezi bambo anaseka n'kunena kuti kani azungu nawonso amatsirika nyumba. Tinakambirana mpaka usiku za kusiyana kwa ziwanda zawo ndi nkhani za afiti zimene iwo anakula akumva. Galimoto ya anyamatawa, Chevrolet Impala ya 1967, inapatsidwa tsamba lakelake, ndipo mwana wanga analiwerenga mpaka kuloweza. Chichewa chakenso n'chomveka, si chomasulira ndi makina. Zikuoneka kuti mnyamatayo anakhalira pansi ntchitoyi, mutu uli nawo. Chimene alibe ndi ulemu, ndiponso kuganizira munthu amene akuonera koyamba. Amene analemba zoyambirirazo pa intaneti ankalembera anzawo oti anamaliza kale filimu yonse, ndiye kwa iwo kutchula zakutsogolo si mlandu. Koma iye akugulitsa kwa anthu oti angoyamba kumene, ndipo analonjeza ndi pakamwa pake. Kusefa inali ntchito yake.

Chimene ndinachita ndi ichi. Msuweni wanga, mmodzi mwa ana aja analeredwa ndi bambo, anaonera filimu yonse ali ku Lilongwe. Atabwera kumapeto kwa mwezi ndinamupatsa kabuku ndi maka yakuda, anakhala pansi pa mtengo wa mango masana onse akufufuta. Anapeza malo ena asanu ndi awiri a mtundu womwewo, ndipo akuti limodzi linali pa tsamba la sizoni 4 koma likuulula mapeto enieni a filimu yonse. Sanandiuze kuti akuti chiyani, inenso sindinafunse.

Ndiye amene mukufuna kugula, gulani ngati muli ndi munthu woti ayambe wakufufutirani, ndipo musawerengere aliyense mokweza musanayendetse maso tsamba lonse. Ngati mulibe woteroyo, sungani ndalama zanu. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka ziwiri, zonse za kabuku, mwini shopu alibepo yake. Ine pamenepo sindidzagulanso ngakhale chaja.

Bambo anabwereranso pa mpando wawo msuweni wangayo atawanyengerera. Panopa tili mu sizoni 4, ndipo mngelo uja Castiel wawasangalatsa ndithu. Koma Bobby akangotulukira sanenanso zoti auzeni malume. Amakhala chete kumuyang'ana, ndipo gawo likatha amandifunsa kuti, "Paja ino ndi sizoni yachingati?"