draw.io imajambula bwino, koma mukalakwitsa siikuuzani

Musanalembe pulogalamu ya bungwe la alimi a tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje, muyenera kumvana ndi makalaliki pa zimene pulogalamuyo izichita. Ambiri amajambula zimenezi pa draw.io, pulogalamu yojambulira ndondomeko ya ntchito ndi mabokosi ndi mivi, ndipo m'pomveka. Ndi yaulere, ndiponso ilipo yoika pa kompyuta yosafuna intaneti, moti bandulo ikakutherani ku Limbuli ntchito siima. Zizindikiro za UML ndi za BPMN 2.0, njira ziwiri zojambulira zimene iliyonse ili ndi malamulo ake, mumaziyatsa pa batani la More Shapes.

Vuto lake nali. Siiona ngati chojambula chanu chikutsata malamulo. Mu BPMN, muvi wa ndondomeko suyenera kuchoka mu pool (bokosi lalikulu losonyeza ntchito za mbali imodzi) ya mlimi n'kulowa mu pool ya fakitale, pamenepo pamafunika muvi wa uthenga wa mizere yodukaduka. Mukasokoneza, draw.io ingokhala chete. Muvi wina umaoneka ngati wagwira bokosi pamene wangoyandikira. Mukasuntha bokosilo umatsala pomwepo.

Pamene imathandizadi ndi poyesa njira imene makalaliki akuimva msanga pakati pa UML ndi BPMN, poti zonse ziwiri zimachokera m'chida chimodzi. Sankhani ntchito ziwiri zolemera mofanana: kuyeza masamba pa sikelo mpaka mlimi kulandira risiti, ndi kudula ngongole ya feteleza pa malipiro. Iliyonse muijambule kawiri, ngati activity diagram (chojambula cha ndondomeko ya ntchito) ya UML komanso mu BPMN. Gawani anthu pawiri pochita maere, osati kuti a Thuchila uku a Bvumbwe uko, chifukwa mukatero mukuyesa madera osati njira. Gulu loyamba lione za sikelo mu UML, za ngongole mu BPMN, lachiwiri mosinthanitsa. Mutero chifukwa munthu akaona ntchito imodzi kawiri, ulendo wachiwiri amayankha zimene waloweza.

Mafunso akhale 10 pa chojambula chilichonse, mphindi 20, ndipo akhale a ntchito yeniyeni: masamba akakanidwa poti ndi okhwima, ndani amasintha makilogalamu? Lembani mayankho olondola ndi nthawi imene munthu watenga. Funso loti "mwakonda chiti" libwere pomaliza, pakuti anthu amakonda chooneka bwino ngakhale chawasocheretsa. Wochonga asakhale amene anajambula.

Apa draw.io ikhoza kukuwonongerani zonse. Imakopa ndi mitundu, ndiye chojambula china chimatuluka chobiriwira china chotuwa. Zonse zikhale zakuda pa pepala loyera, zilembo zofanana kukula. Tulutsani PDF ndipo musindikize kaye tsamba limodzi: chojambula chachitali chikapanikizidwa pa A4 zilembo zimasanduka nyerere, ndipo BPMN igwa chifukwa cha pepala basi. Komanso musayese anthu pakati pa Disembala ndi Epulo, tiyi atachuluka. Kalaliki amayankha maso ali ku mzere wa pa sikelo.

Pa ntchito yomvana ndi anthu, draw.io itengeni. Ngati chojambula cha BPMN chidzayendetse pulogalamu yeniyeni, Camunda Modeler, chida china chojambulira BPMN, ndiyo imaloza zolakwika.