Mizati yoimikira boti pa Chilwa: yaona dzinja, yaona mwera, nazi zimene ndapeza

Chaka chatha ndinafotokoza za mizati iwiri imene ndinapangitsa kwa amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande, kuti izigwira ntchito ya nangula pa kaboti kanga ka matabwa kamene kamakhala ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa. Kwa amene simunaone, mzati uliwonse ndi paipi ya madzi ya galavanaizi (chokutira choteteza dzimbiri) ya inchi imodzi, yotalika mamita 3. Tinaidula pakati n'kuikapo soketi kuti izikwana m'galimoto pochoka kuno ku Blantyre, kunsi tinawotchererako kachitsulo kosongoka, kumwamba chogwirira chopingasa. Kumbuyo kwa boti tinamanga ndi mabauti kapaipi kakafupi kokulirapo, koti mzati uzilowamo potsikira m'matope. Nzeruyi ndinaionera pa YouTube, pa mizati yoimikira boti ya ku America yotchedwa Power-Pole, imene imatsika yokha munthu akangodina batani. Yangayi ndi yamanja.

Kunena za kugwira, imagwira ndithu. Pansi pa Chilwa ndi matope ofewa, ndipo mwala womangirira kuchingwe, umene ambiri timautcha nangula, umangomira m'matopemo kapena kukokeka pang'onopang'ono mphepo ikamaomba. Boti limazungulirazungulira, zingwe za mbedza n'kumapiringizana. Poutulutsa umabwera ndi matope ndi mizu, madzi onse n'kuvunduka. Mzati umalowa mwakachetechete. Ukaima m'mphepete mwa njedza kudikira makumba kapena mlamba, boti limakhala pomwe waliika, ndipo ukafuna kusuntha pang'ono suvutika.

Koma musanyengeke ndi mamita atatuwo. Pafupifupi mita yathunthu imathera m'matope kuti mzati ulimbe, gawo lina liyenera kutsala pamwamba pa boti, ndiye madzi akapitirira mita imodzi ndi theka ntchito yathera pomwepo. Chilwanso ndi nyanja yosakhazikika. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, koma namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 madzi anakwera kwambiri. Ngakhale m'chaka chimodzi chomwecho, malo amene mu Okutobala mzati unkalasa pansi mosavuta, pofika Malichi unkangolendewera m'madzi. Chingwe ndi mwala musazisiye kumtunda.

Dzimbiri linabwera msanga. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imangothiramo, madzi n'kumachoka ndi dzuwa, mchere n'kumatsala. Paipi yeniyeniyo ikadali bwino, koma paliponse pamene panapita moto wa wowotcherera, galavanaizi anapsa, ndipo ndi pomwepo pamene pafiira. Mmisiri sanalakwitse, chitsulo chotere chimatero basi. Ndinapala ndi sandipepala n'kupaka penti yoteteza dzimbiri, koma kunsonga matope amaipukuta msanga. Soketi ya mzati umodzi inagwirana moti sipanala ziwiri zinalephera kuimasula, ndiye tsopano mzatiwo umagonera konko ku Kachulu. Winawo ndimaupaka girisi nthawi zonse ndikaumasula, ndipo sunandivutepo.

Kuzula kumafuna nzeru. Mzati ukakhalitsa m'matope, matopewo amaukakamira, ndipo ukaukoka molunjika ndi mphamvu boti ndi limene limapendekeka. Upotoze kaye ndi chogwirira chija, uugwedeze kuti madzi alowe m'mbali mwake, ukatero umatuluka wokha. Apa chogwirira chopingasa chinandithandiza kuposa china chilichonse pa mzatiwu.

Pamene pali vuto lenileni ndi pa kapaipi komangirira kuboti kaja, ndipo aliyense wofuna kutengera zimene ndinapanga amvetsetse apa. M'miyezi yabata kankaoneka kanzeru kwambiri. Mwera utayamba mu Juni zinthu zinasintha. Pa madzi osaya mafunde amakhala aafupi, obwera motsatizana, ndipo boti limakwera n'kutsika osapuma. Mzati uli chilili m'matope, boti likufuna kuvina, ndiye mphamvu yonse imathera pa mabauti anayi amene agwira thabwa lakumbuyo. Pang'ono ndi pang'ono mabowo a mabauti anakula, thabwa linayamba kung'aluka motsatira mitsempha yake, madzi n'kumalowa. Komanso poti mzati uli kumbuyo, boti limatembenuzira kumbuyoko kumene kukuchokera mphepo, mafunde n'kumamenya mbali yophwatalala m'malo mwa mphuno imene inapangidwira kung'amba madzi. Maboti a ku America aja ndi a faibala yokhuthala, olimbitsidwa pamene pamamangidwa chipangizocho. Thabwa lokhomedwa ndi misomali n'kumatidwa phula silingapirire zimenezo.

Bambo wina wachikulire amene amagona m'zimbowera, nyumba zoyandama zija za asodzi, anayang'ana thabwalo n'kuti, “Achimwene, boti samaligwira pakhosi. Lipatseni chingwe lizipuma.” Ndi mmene iwo achitira kuyambira kale ndi nsungwi zawo: kuzika mtengo, kumangirira bwato ndi chingwe chachifupi, basi. Kapaipi kaja ndinakachotsa, mabowo tinatseka. Tsopano mzati umaima paokha kunja kwa boti, chingwe cha pafupifupi mita imodzi chimachokera kumphuno, ndipo pakati pa chingwecho ndinamangapo malegeni opindidwa kangapo kuti azimeza kugwedeza kwa mafunde. Chingwe chimangidwe m'munsi, pafupi ndi madzi. Mukachimanga kumwamba kwa mzati, boti limaupendeketsa mpaka kuuzula. Mzati wachiwiri ndimauzika kumbuyo pokhapokha kukakhala bata ndipo ndikufuna boti lisatembenuke n'komwe. Malegeni amafumbwa ndi dzuwa, koma machubu akale a galimoto ku Limbe sasowa.

Mwina mufunsa kuti nanga chitsulo n'chachiyani ngati mapeto ake ndi kumanga ngati mmene amachitira a nsungwi. Funso labwino, ndipo yankho langa silikomera chitsulo kwenikweni. Chimapambana pa zinthu ziwiri: kulemera kwake kumachithandiza kulowa pamene pansi pali dongo lolimba kapena mizu ya njedza, ndipo sichifumbwa. Nsungwi ukaisunga miyezi ingapo umapeza anankafumbwe aigaya m'kati, komanso imang'aluka kunsonga. Koma nsungwi ikagwera m'madzi imayandama, pomwe paipi imapita ulendo umodzi, n'chifukwa chake yanga ndinaimangirira botolo lapulasitiki kuchogwirira. Nsungwi ndi yopepuka, umatha kukankhiranso boti podutsa m'mabango. Palibe amene amaba nsungwi padoko, koma ogula zitsulo zakutha ali paliponse. Ndipo m'dzinja, mitambo ikayamba kuda cha ku Mulanje, kukhala pakati pa nyanja yathyathyathya chitsulo chili njo pambali pako si chinthu chochitengera mopepuka. Ine ndimachizula n'kuchigoneka m'boti ziphaliwali zisanayandikire. Msodzi wa tsiku ndi tsiku ndingamuuze kuti apitirize ndi nsungwi kapena bulugamu wowongoka. Paipi ikuyenera ife ochokera kutauni amene timasiya zipangizo nthawi yaitali osazigwira.

Mnzanga anabwereka mzati umene umamasuka pasoketi uja kukauyesa pa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa. Pamchenga sunalowe bwino, ndipo madzi othamanga ankakumba m'mbali mwake mpaka kuugwetsa. M'matamanda mopanda mkokomo akuti unagwira. Kumeneko kuli mvuu ndi ng'ona, choncho iye anamanga mfundo yosolola, yoti kungokoka nsonga ya chingwe boti lamasuka, mzati adzautenga pambuyo pake. Mfundo imeneyo ndayamba kumanga ngakhale pa Chilwa, chifukwa mwera ukauka mwadzidzidzi sipakhala mpata wolimbana ndi chingwe chonyowa.