Ping, traceroute, MTR kapena looking glass: n'chiti chimaonetsa pamene intaneti yatsamwira?

Pali vuto lina la intaneti limene limazunza kuposa kuthima kwa netiweki yonse, chifukwa netiweki ikathima aliyense amaona ndipo palibe wotsutsa. Ndikunena vuto lija lakuti WhatsApp ikugwira bwinobwino, YouTube ikuseweranso osadukiza, koma seva imodzi yokha imene ntchito yanu yadalira ikukana kutseguka, kapena imatseguka m'mawa n'kuyamba kujejema dzuwa likapendeka. Aphunzitsi oyang'anira makompyuta a pasukulu, achinyamata osindikiza makalata ku Kapata ndi ku Down Shops, ndiponso maajenti oolotsa katundu pa Mwami amalidziwa bwino vutoli. Mukaimbira kampani imene imakupatsani intaneti amakuuzani kuti muthimitse rauta ndi kuiyatsanso, kenako amati kumbali yawo zonse zili bwino. Kawirikawiri sakhala akunama, pakuti iwo ayang'ana kuchokera pakhomo panu kufika pa nsanja yawo, pomwe vuto lili kutsogolo, pa njira imene deta yanu yadutsitsidwa. Amene angakuthandizeni ndi mainjiniya a mkati, ndipo iwo sasuntha ndi madandaulo a pakamwa ayi, amasuntha ndi umboni. Funso tsono n'lakuti pa zida zaulere zimene tili nazo, n'chiti chimatulutsa umboni umene injiniya sangaukane.

Tisanaziike pa sikelo, tiyenera kudziwa kuti ulendo wabwino umaoneka bwanji kwa munthu amene ali kuno. Dziko lathu la Zambia silinagunde nyanja yaikulu, choncho deta yochoka ku Chipata nthawi zambiri imayamba yatsikira ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, kenako imatuluka kudzera ku Tanzania kukakumana ndi nthambo za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy ku Dar es Salaam, kapena kudzera ku Namibia kukalowa mu nthambo ya WACS ku Swakopmund, kapenanso kummwera ku Johannesburg, kumene makampani ambiri amasinthanirana deta pa NAPAfrica. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi mkati mwa faiba, ndiye kupita ku Lusaka ndi kubwerako kumatenga mamilisekondi pafupifupi 6 ngakhale zonse zitakhala bwino kotheratu, ndipo ulendo wa ku London kawirikawiri umapitirira 150. Wogamula njira ndi BGP, dongosolo limene makampani amalengezerana maadiresi amene aliyense angathe kufikitsako deta. BGP siyang'ana kufupika kwa mtunda pamapu, imatsata mapangano a malonda, n'chifukwa chake n'zotheka kuti seva ya ku Lilongwe, pafupi pompano, muifike mutazungulira ku Johannesburg.

Ping ndi chida chakale pa zonse, cholembedwa ndi Mike Muuss mu 1983, ndipo ntchito yake imathera pa funso limodzi: uthenga wafika kapena sunafike, ndipo watenga nthawi yanji. Imathandiza kuchotsa zokayikitsa za pafupi. Yesani rauta yanu, kenako adiresi ya manambala ya seva yodziwika monga 1.1.1.1, kenako dzina la tsamba. Ngati nambala ikuyankha koma dzina likukana, ndiye kuti vuto lili pa DNS, dongosolo losandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi ya manambala, ndipo nkhani ya njira isiyeni kaye. Kufooka kwake n'kwakuti sinena pamene deta yatayikira. Palinso msampha umene ambiri sauona, wakuti maadiresi a 8.8.8.8 ndi 1.1.1.1 amayankhidwa ndi seva imene ili pafupi ndi inu, kotero yankho lawo lokoma silikutsimikizirani kalikonse za njira yopita ku Europe. Speed test nayo ili ndi chilema chomwecho, chifukwa imasankha seva yapafupi, ndipo pamwamba pake imakudyerani bandulo yochuluka. Pa vuto la njira sindiiwerengera n'komwe.

Traceroute, imene Van Jacobson analemba mu 1987 ndipo pa Windows imalembedwa tracert, ndiyo imayamba kuonetsa msewu. Paketi iliyonse ya deta imanyamula nambala yotchedwa TTL, imene rauta iliyonse ya panjira imachotsapo 1, ndipo ikafika pa 0 rautayo imataya paketiyo n'kubweza uthenga wodzitchula. Traceroute imatumiza dala paketi ya TTL 1, kenako 2, kenako 3, mpaka 30. Zili ngati kukweza anthu basi ya ku Lusaka, woyamba ndi ndalama yofika pa Katete pokha, wachiwiri pa Sinda, wachitatu pa Petauke, ndipo aliyense akatsitsidwa n'kukuimbirani kunena pamene wasiyidwa. Mukasanja mayankhowo mumakhala ndi mndandanda wa malo onse odutsamo, ndipo mayina a marauta ambiri amabisa zilembo za mabwalo a ndege kapena za mizinda: lun ndi Lusaka, jnb ndi Johannesburg, cpt ndi Cape Town, lhr kapena lon ndi London, mrs ndi Marseille. Munthu amene wazolowera kuwerenga zilembozi amadziwa m'kanthawi kochepa ngati deta yake yatulukira kum'mawa, kumadzulo kapena kummwera.

Komabe palibe chida chimene chanamiza anthu ambiri kuposa ichi, ndipo mpofunika kukhalitsapo pang'ono. Nyenyezi zitatu (* * *), zimene traceroute imalemba pa mzere wa rauta imene sinayankhe, sizitanthauza kuti rautayo yafa. Marauta akuluakulu anapangidwira kupititsa deta ya anthu, ndipo kuyankha mafunso a traceroute amakuika kumapeto kwa ntchito zawo, ena amachita kukanirizatu. Chimodzimodzinso mzere umodzi woonetsa mamilisekondi 300 pakati pa mizere ya 40 sunena kanthu, chifukwa kuchedwa kwenikweni kukayamba pa mzere wina kumapitirira mpaka mzere womaliza. Kudumpha kwakukulu pakati pa jnb ndi lhr ndi mtunda wa nyanja chabe, ndipo palibe kampani imene ingauchepetse. Makampani ambiri amagwiritsanso ntchito njira yoyendetsera deta yotchedwa MPLS mkati mwa netiweki zawo, imene nthawi zina imabisa marauta angapo, moti deta imaoneka ngati yachoka ku Lusaka n'kutulukira ku London pa mzere umodzi. Maadiresi oyamba ndi 10 kapena 100.64 pa mizere yoyambirira ndi a mkati mwa kampani, ndipo si chizindikiro cha vuto. Chilema chachikulu pa zonse n'chakuti traceroute imafunsa katatu kokha pa rauta iliyonse. Vuto lobwera ndi kupita, monga kuthithikana kwa madzulo, lingathe kuzemba mafunso atatuwo mosavuta, inu n'kutsala ndi pepala loyera pomwe ntchito yaima.

Apa ndi pamene MTR imaposa zinzake. Matt Kimball anailemba mu 1997 pophatikiza ping ndi traceroute, kuti rauta iliyonse ya panjira izifunsidwa mobwerezabwereza, kamodzi pa sekondi, ndipo zotsatira zizisonkhanitsidwa. Pa Linux, lamulo lakuti mtr -rwzc 300 lotsatiridwa ndi dzina la seva limayenda mphindi pafupifupi zisanu n'kutulutsa lipoti lokhala ndi gawo la deta yotayika pa rauta iliyonse, nthawi yapakatikati, nthawi yoipitsitsa, ndi nambala ya netiweki imene rautayo ili. Lipotili liwerengeni kuyambira pansi. Tiyerekeze kuti mzere wa 5 ukuonetsa 60% yotayika koma mzere womaliza ukuonetsa 0%. Pamenepo palibe mlandu, rauta ya 5 yangochepetsa mayankho ake. Koma tiyerekeze kuti mizere ya 1 mpaka 6 ndi yoyera, wa 7 ukuonetsa 12%, ndipo wa 8, wa 9 mpaka womaliza yonse ikuzungulira pa 12 pomwepo. Kutayika kotereku n'kwenikweni, kwayambira pakati pa rauta ya 6 ndi ya 7, ndipo ngati nambala ya netiweki yasinthiranso pomwepo, ndiye kuti mwaloza mphambano imene kampani yanu imakumanirana ndi kampani yoigulitsa njira. Lipoti la m'ma 6 koloko m'mawa mukaliika pambali pa la m'ma 8 koloko usiku, kuthithikana kumadzionetsa kokha.

Kwa anthu a Windows pali WinMTR, imene muyenera kuyamba mwaitsitsa pa intaneti, ndi pathping, imene imabwera kale m'kompyuta. Pathping imafunsa ka 100 pa rauta iliyonse ndipo imadikira masekondi 25 pa iliyonse, ndiye ndi yochedwa, komanso kawirikawiri imalekera panjira ikakumana ndi rauta yosayankha. Ndimaisunga ngati chothawirako pa kompyuta ya eni ake imene simuloledwa kuikamo kanthu. MTR ya pa Linux ili ndi mwayi wina umene ziwirizi zilibe: mukaonjezera -T -P 443 imatumiza mafunso ofanana ndi a munthu wotsegula tsamba, ndipo izi zimadutsa malo ambiri amene amatsekereza ping wamba.

Ngakhale zili choncho, MTR imaona mbali imodzi yokha ya ulendo. Deta yopita ndi deta yobwera sizikakamizidwa kudutsa msewu umodzi, moti pempho lanu lingatulukire ku Johannesburg yankho n'kubwerera kudzera ku Dar es Salaam. Nthawi imene MTR imalemba ndi ya ulendo wonse, koma mayina amene imaonetsa ndi a popita pokha, kotero vuto la pobwera limaoneka ngati lili pa rauta yosalakwa. Mankhwala ake ndi looking glass, tsamba limene makampani akuluakulu, monga Hurricane Electric pa lg.he.net, amalolapo munthu aliyense kuchita traceroute kuchokera pa marauta awo kubwera kwa iye. Ambiri a ife amene tili pa netiweki za mafoni timagawana adiresi imodzi ya kunja ndi anthu ena ochuluka, ndiye traceroute yotereyi imathera pa khomo la kampani osafika pa kompyuta yanu, koma gawo limene mukulifuna, la kunja kwa dziko, limakhala litaoneka kale. RIPE Atlas, imene bungwe la RIPE NCC la ku Amsterdam linayambitsa mu 2010, imachita zoposa pamenepa, chifukwa ili ndi timakina toposa 10,000 padziko lonse timene mungatitume kuyeza njira kuchokera kulikonse. Imafuna mapointi, amene munthu amapeza posunga kamakina kamodzi pa intaneti yake, ndipo pamatenga nthawi kuti muizolowere. Kwa munthu mmodzi wa vuto la lero ndi katundu wolemera, koma koleji kapena ofesi ya kuno imene ili ndi magetsi a sola ikanachita bwino kusunga kamodzi, pakuti kakanathandiza chigawo chonse cha Kum'mawa kuoneka pa miyezo imeneyi.

Gulu lomaliza ndi la masamba oonetsa BGP yeniyeniyo, monga bgp.he.net, bgp.tools ndi RIPEstat. Netiweki iliyonse ili ndi nambala yake, imene kuno ku Africa imaperekedwa ndi AFRINIC ya ku Mauritius, ndipo mukalemba nambala ya kampani yanu mumaona amene imagulako njira ndi maadiresi amene ikulengeza. Masambawa ndi amphamvu pa ngozi zazikulu. Pa 4 Okotobala 2021 Facebook inachotsa mwangozi malengezo ake a BGP n'kusowa kwa maola pafupifupi 6, ndipo panalibe kampani ya m'Zambia imene ikanachitapo kanthu. Pa 12 Novembala 2018 kampani ya MainOne ya ku Nigeria inalengeza molakwika maadiresi a Google, deta ya anthu n'kusochera kwa nthawi yopitirira ola. Pa 14 Malichi 2024 WACS inaduka pamodzi ndi nthambo zina kufupi ndi Côte d'Ivoire, ndipo pa 12 Meyi chaka chomwecho EASSy ndi SEACOM zinadukanso kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal. Pa masiku otere deta imakhotetsedwera ku njira zotsala, zimenezo n'kudzaza. Koma masambawa amangoonetsa zimene zalengezedwa. Njira ikhoza kukhala yolengezedwa bwinobwino pomwe ikutaya deta usiku uliwonse, ndipo zimenezo BGP sizidziwa.

Pali vuto limodzi lovala nkhope ya vuto la njira limene zida zonsezi zingaliphonye, ndilo kukula kwa paketi. Ngati MTR ndi yoyera koma tsamba limayamba kutseguka n'kuima, kapena VPN ikulumikiza koma osapititsa kanthu, yesani ping -f -l 1472 yotsatiridwa ndi dzina la seva pa Windows. Nambalayi pamodzi ndi mabaiti 28 a kumutu imakwana 1500, mlingo wa masiku onse, pomwe mizere ya PPPoE, njira imene makampani ena amalumikizira rauta yanu, imalekera pa 1492. Ikakana, tsitsani nambalayo pang'onopang'ono mpaka idutse, ndipo imene yadutsayo muilembe.

Kwa munthu amene angathe kuphunzira chida chimodzi chokha, ndimasankha MTR mosakayika, ndipo looking glass ndimaiika pambali pake ngati mboni yachiwiri. Musanalembe dandaulo, chotsani Wi-Fi n'kulumikiza ndi nthambo, ndipo bwerezani muyezo womwewo pa SIM ya kampani ina, chifukwa ngati netiweki ziwiri zosiyana zikutaya deta pa malo amodzi kufupi ndi seva, wolakwa si kampani yanu ndipo kalata iyenera kupita kwa eni sevayo. Ngati vuto lili pa netiweki imodzi yokha, tumizani malipoti awiri a MTR, la nthawi yabwino ndi la nthawi yoipa, olembedwa ngati mawu osati chithunzi, pamodzi ndi tsiku, ola, adiresi yanu ya kunja, adiresi ya seva, ndi traceroute yobwerera ya pa looking glass. Pemphani mwaulemu kuti lifike kwa mainjiniya a netiweki, ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu, chifukwa ndiyo idzasonyeze kuti munayamba mwalankhula ndi kampaniyo ngati nkhani idzafunike kukafika ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti m'Zambia.