Kusamutsa tepi amatha, koma pitani mayi mwini malo alipo

Zosamutsa tepi ya VHS ya ukwati wa makolo anga kupita pa flash disk pamalo amenewa ndilibe nawo mawu, chithunzi chinatuluka bwino ndipo mawu akumveka. Chinandipsetsa mtima ndi ndalama yapadera ija amalipiritsa yodulira vidiyo m'zigawo, yoti ukafuna pamene mkwatibwi akulowa m'tchalitchi kapena pa perekaniperekani uzingotsegula pomwepo.

Mnyamata wa pakauntala anandipatsa tizidutswa tosawerengeka, tina tosakwana ndi sekondi yomwe. Ulaliki wokha unali mbwee ngati mpunga wotayikira pansi. Nditamufunsa anangoti, "Imadula ndi kompyuta bwana, ife sitipangapo kanthu," maso ali pa foni. Ukwati wa makolo anga umenewu, bambo anatisiya, ndiye munthu n'kumandiyankha choncho!

Nditabwereranso ndinapeza mayi mwini malowo. Anandikhazika pampando n'kutsegula DaVinci Resolve, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mavidiyo, ine ndikuona. Anati matepi athu amakhala ndi zithunzi 25 pa sekondi iliyonse, ndipo pulogalamuyo imayerekeza chithunzi chilichonse ndi chotsatira chake. Zikasiyana kwambiri imaika kamzere koimirira, kusonyeza kuti apa kamera yadumphira pena. Tsono pa ukwatiwo ojambula zithunzi ankangoti ng'ani ng'ani ndi makamera awo, holo yonse n'kuyera kwa kanthawi, ndipo paliponse pamenepo panaikidwa kamzere. Pomwe tepi inakalamba n'kumanjenjemera, chimodzimodzi. Pali mzere wina wopingasa umene munthu amaukweza kuti timizere tofooka tisawerengedwe, kenako n'kuyang'ana totsalato kamodzikamodzi pa tizenera titatu ta pamwamba, kufufuta tabodza. Mnyamata uja sanakhudze chilichonse mwa zimenezi, anangodina batani basi.

Mayiwo anakhala nazo mpaka madzulo. Pamene wojambula vidiyo anasungunula chithunzi kuti chilowe mu chinzake pang'onopang'ono anadula okha pamanja, chifukwa pamenepo kusiyana kwa zithunzi kumakhala kochepa. Zigawo anazilemba mayina, ndipo sanandilipiritsenso kanthu. Panopa amayi anga akafuna nyimbo ya kwaya ija ndimawapezera nthawi yomweyo.

Ndikupereka nyenyezi zinayi chifukwa cha mayiwo. Tepi ya chinkhoswe ndipita nayo komweko, koma ndiyamba ndaimba foni kufunsa ngati alipo, ndipo mnyamata uja asaigwire.